Khansa Ikalowa M'nyumba, Funsani Musanasankhe

Ana anga a ku Libala, inu amene mwakulira m'nyumba za Stage One mpaka Stage Four, ndi inu a ku Libala South, khalani pansi tikambirane za khansa. Mawuwa ndalunjika kwa inu, osati kwa aimvi anzanga, chifukwa matendawa akalowa m'nyumba, othamangathamanga ndinu. Operekeza amayi ku kiliniki ya Kabwata kapena kuchipatala cha Chilenje ndinu. Onyamula mapepala, omasulira Chingerezi cha dokotala, ofufuza pa foni pakati pa usiku, ndinu nomwe. Ndiye mukapanda kuwamvetsa matendawa, banja lonse limasankha njira lili mumdima.

Tinakula tikumva pamaliro kuti "anangotupa mimba," kapena "anali ndi bala losapola," kapena "anangouma pang'onopang'ono." Dzina lenileni la matenda linkanenedwa monong'ona kuseri kwa nyumba. Koma kumbukirani bambo amene anakhalapo pafupi nafe pompa, m'nyumba nambala 394 ku Chilenje. Kenneth Kaunda ali pulezidenti anauza dziko lonse mu 1987 kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi Edzi. Nthawi imeneyo palibe amene ankafuna kutchula matendawo, koma iye anawatchula, ndipo anthu anayamba kulankhula. Khansa nayonso ikufuna kulimba mtima kotereku. Matenda amene mukuopa kuwatchula simungafunse bwino za mankhwala ake.

Khansa ndi chiyani kodi? Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Maselo amabadwa, amagwira ntchito, akakalamba amafa, ena n'kulowa m'malo mwawo. Nthawi zina dongosolo limeneli limasokonekera m'selo limodzi, ndipo limayamba kuswana mosalekeza, osafa pa nthawi yake. Maselo oterewa amaunjikana kukhala chotupa, amalowerera m'ziwalo zoyandikana nazo, kenako ena amatengedwa ndi magazi kukamera kuchiwindi, m'mapapo kapena m'mafupa. Zili ngati kapinga m'dimba: mukamuzula akadali kamtsitsi kamodzi ntchito yatha, koma mukamulekerera n'kuyanga pansi ponse, khasu limatopa. N'chifukwa chake madokotala amanena za siteji. Siteji 1 ndiye kuti khansa ikadali yaing'ono pamalo pamene inayambira, ndipo siteji 4 ndiye kuti yafika kuziwalo zakutali.

Dziwaninso kuti khansa si matenda amodzi. Ilipo mitundu yoposa 100, ndipo uliwonse uli ndi khalidwe lake ndi mankhwala ake. Zimene zinachitikira azakhali anu amene anali ndi khansa ya chiwindi sizikuuzani chimene chidzachitikire mlongo wanu amene wapezeka ndi kachotupa m'bere. Komanso khansa sipatsirana podyera mbale imodzi, pogona chipinda chimodzi kapena pochapa zovala za wodwala. Musamupatulire kapu yakeyake ngati wakhate.

Kuno ku Zambia, khansa imene ikutha anthu kwambiri ndi ya khomo la chiberekero. Amayi oposa 3,000 amapezeka nayo chaka chilichonse, ndipo dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene matendawa ndi ochuluka zedi pa dziko lonse. Zina zofala ndi khansa ya m'mawere, ya prostate mwa abambo, ya kum'mero, ndi ya Kaposi imene imaonekera ndi zigamba zakuda pakhungu ndi kutupa miyendo. Ya Kaposi ili ndi mbiri yake pa chipatala cha UTH pompa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, dokotala wa opaleshoni Anne Bayley anaona kuti matendawa, amene kale ankayenda pang'onopang'ono mwa amuna achikulire, ayamba kugwira achinyamata mwaukali n'kuwapha msanga. Chinali chizindikiro chakuti HIV yafika pakati pathu. Mpaka lero HIV ndi khansa zimayendera limodzi. Bungwe la WHO limanena kuti mayi amene ali ndi HIV akhoza kudwala khansa ya khomo la chiberekero mosavuta kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe. Choncho amene mukumwa ma ARV, imwani mokhulupirika, chifukwa mukudzitchinjirizanso ku khansa.

Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana. Anthu ambiri amakatenga nthawi ina pa moyo wawo, ndipo thupi limakachotsa lokha. Mwa ena kamakhazikika, n'kumasintha maselo mwakachetechete kwa zaka 15 mpaka 20 khansa isanaoneke, kapena zaka 5 mpaka 10 mwa amene chitetezo chawo chatsika. Zaka zonsezo ndi mpata umene tapatsidwa. Katemera wa HPV anayesedwa m'chigawo cha Lusaka kuyambira 2013, anafika m'dziko lonse mu 2019, ndipo mu 2023 anaperekedwa kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14. Mphekesera yoti katemerayu amatseka mimba ndi yabodza. Kalata ikabwera kuchokera kusukulu, alimbikitseni makolo kuti mng'ono wanu abayidwe.

Kuyezetsa nako si chinthu choopsa. Kuyambira 2006, pa ntchito imene anayambitsa madokotala Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu pamodzi ndi boma, manesi m'makiliniki a mu Lusaka akhala akuyeza amayi ndi viniga. Mayi amagona pakabedi kuseri kwa katani, nesi amatsegula njira ndi kachipangizo, amapaka viniga pakhomo la chiberekero ndi thonje, n'kudikira pang'ono. Malo amene maselo ayamba kusintha amayera. Ngati ndi malo aang'ono, amawapha tsiku lomwelo ndi kachipangizo koziziritsa kapena kotenthetsa, mayi n'kubwerera kwawo ndi miyendo yake. M'zipatala za boma salipiritsa. Atsikana anga, mukafika zaka 25 pitani mukafunse, ndipo ngati muli ndi HIV musaphonye tsiku limene anesi akupatsani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Anyamata, nanunso mvetserani. Fodya ndi gwero lalikulu la khansa ya m'mapapo, ya m'kamwa ndi ya kum'mero, ndipo shisha imene mukuiyesa yaulemu ndi fodya yemweyo. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma mowa waukali sunathe m'misewu yathu, ndipo umadya chiwindi ndi kum'mero. Mtedza ndi chimanga chochita chuku musadye, chifukwa chukucho chimatulutsa poizoni woyambitsa khansa ya chiwindi. Musanenenso kuti khansa ndi ya okalamba. Chadwick Boseman, amene munamuonera mu filimu ya Black Panther, anamwalira mu 2020 ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 43 zokha.

Tsopano ndifike pamene pamandipweteka mtima. Odwala athu ambiri amafika kwa madokotala a khansa matenda atapita kale patali, ndipo nthawi imatayika panjira. Panali mayi wina mumsewu mwathu muno, wogulitsa vitumbuwa, wansangala kwambiri. Atasiya kale kusamba, anayambanso kuona magazi. Anayamba wabisa, ati ndi zamanyazi kuuza ana. Kenako anagula mapiritsi ku famase. Zitakanika, abale anamutengera kumudzi, kumene anamutema mphini m'chiuno, ati anachita kumuponda. Atabwerako anakagona kumapemphero a usiku, akumwa madzi odalitsidwa. Pofika kuchipatala mvula inali itagwa kawiri, ndipo madokotala anangotha kumuchepetsera ululu. Onse amene anamuyendetsa njira zimenezi ankamukonda. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi wonena kuti, "Amayi, tiyeni tikayezetse kaye."

Munthu ameneyo akhale inu. Zizindikiro zake zisungeni pamtima. Kachotupa m'bere kapena m'khwapa, ngakhale kosapweteka. Magazi otuluka mayi atakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena atasiya kusamba, ndi chikazi chonunkha chosamva mankhwala. Nsima kukakamira pakhosi. Bala losapola, makamaka mwa abale athu achialubino. Magazi m'chimbudzi kapena mumkodzo, mkodzo wovuta kutuluka mwa abambo, chifuwa chosatha ngakhale TB sinapezeke, kuwonda kopanda chifukwa. Mwa ana, kadontho koyera pakati pa diso, mimba yotupa mbali imodzi, kutupa nsagwada, kapena kuchepa magazi kobwerezabwereza. Nthawi zambiri zizindikirozi zimakhala za matenda ena, koma wosiyanitsa ndi woyeza. Mukapatsidwa mankhwala koma masabata akupita osasintha, bwererani mukanene kuti sizikusintha, ndipo pemphani kalata yopitira patsogolo.

Kuti atsimikize kuti ndi khansa, madokotala amadula kanyama kakang'ono pachotupa n'kukakaunika ku labu. Imeneyi ndiyo biopsy. Apa m'pamene mabanja ambiri amathawira, chifukwa cha mawu amene mwawamva nonse akuti, "Akangoicheka imalusa." Chimene chimachitika n'chakuti munthu amafika mochedwa, amamuyeza, amamwalira patapita miyezi yochepa, ndiye anthu n'kuloza mpeni wa dokotala. Koma khansayo inali itafalikira kale asanamukhudze. Popanda biopsy dokotala sangadziwe mtundu wa khansa, ndipo sangasankhe mankhwala oyenera. Zotsatira zikachedwa, musangokhala kunyumba kudikira foni. Lembani tsiku limene anadula kanyamako, sungani nambala ya pepala, ndipo pitani mukafunse mwaulemu koma mosatopa.

Ife a ku Libala tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Cancer Diseases Hospital ili pafupi ndi UTH, mtunda woti wachinyamata akhoza kuyenda wapansi. Chipatalachi chinatsegulidwa mu 2007 pa nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa. Chisanamangidwe, wofunika radiotherapy ankayenera kupita ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ndipo opita anali ochepa. Lero pamabenchi ake mupezapo anthu ochokera ku Chipata, ku Mongu ndi ku Kasama, atagulitsa mbuzi kuti apeze ya basi, ena alibe ndi pogona pomwe. Mizere imatalika, ndipo kudikira kumatopetsa. Koma ngati wa ku Lundazi wafika, inu a pa Burma Road mulephera bwanji?

Njira zikuluzikulu zochizira ndi zitatu, ndipo kawirikawiri amaziphatikiza. Yoyamba ndi opaleshoni, kuchotsa chotupa pamodzi ndi nyama yozungulira. Khansa ikapezeka msanga, njira imeneyi payokha imachiritsa ambiri. Mayi akauzidwa kuti bere lichotsedwe, misozi ndi yomveka, koma amuna athu aphunzire kunena kuti, "Ndikufuna iwe wamoyo." Yachiwiri ndi kemo, mankhwala olowa pa diripu kapena akumwa, amene amayenda thupi lonse kupha maselo oswana mofulumira. Amakhudzanso maselo abwino, n'chifukwa chake munthu amachita nseru, amafooka, ndipo ndi mankhwala ena tsitsi limathothoka. Tsitsilo limameranso, ndipo mankhwala a nseru alipo. Chimodzi chokha musachiiwale: munthu amene ali pa kemo akatentha thupi, musamupatse Panadol n'kudikira kuche. Thamangirani naye kuchipatala, chifukwa asilikali a m'thupi mwake amakhala atachepa.

Yachitatu ndi radiotherapy, imene anthu amati "kuwotcha." Mawu amenewa athawitsa ambiri, koma palibe moto. Wodwala amagona pamakina mphindi zochepa, kuwala kosaoneka kumalunjika pachotupa, ndipo pa nthawiyo samva kuwawa. Amamulemba timizere pakhungu kuti makina azilunjika pamodzimodzi tsiku lililonse, ndipo timizereto sitiyenera kufufutidwa posamba. Amapita Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata angapo. Khungu likhoza kuda kapena kusupuka, thupi n'kutopa, koma akabwera kunyumba mukhoza kumukumbatira, ndipo adzukulu akhoza kumukhala pamiyendo. Choopsa ndi kudumphadumpha masiku. Ambiri akamva bwino pakati pa ulendo amasiya, khansa n'kubwerera ndi mphamvu.

Ndiye tsiku lokamva zotsatira likafika, musalole wodwala apite yekha. Munthu akangomva mawu akuti khansa, makutu amatseka, zonse zotsatira sazimva. Gulani kope la kusukulu ndi kafayilo ka pulasitiki. M'kafayilo muziikamo pepala lililonse: la biopsy, la sikani, la magazi, khadi la inshuwalansi ya NHIMA ngati lilipo, ndipo muzijambulenso pa foni. M'kope lembani mafunso musananyamuke. Dzina lenileni la khansayi ndi chiyani? Ili pa siteji yanji? Cholinga cha mankhwalawa ndi kuchiritsa, kapena kuchepetsa matenda ndi ululu? Njira zilipo zingati, ndipo tikapanda kuchita kanthu chidzachitike n'chiyani? Zitenga nthawi yaitali bwanji? Ndi zovuta ziti zimene tiyembekezere, ndipo ndi ziti zotithamangitsira kuno usiku? Kwa wachinyamata, funsaninso ngati mankhwalawa adzakhudze kubereka, ndipo funsani asanayambe. Funsani zimene inshuwalansi ilipira ndi zimene mugule nokha.

Tinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa mafunso, ndiye pamaso pa dokotala timangoti "inde, adokotala," kenako panja n'kumafunsana kuti, "Paja anati chiyani?" Safunsa anadya phula. Ngati simunamve, nenani kuti, "Pepani, bwerezaninso m'Chinyanja." Fomu yovomereza opaleshoni kapena kemo musasaine musanaimvetse. Ngati mtima sukukhazikika, si mwano kupempha kuti dokotala wina aonenso mapepalawo, bola zichitike msanga, osati mwezi ndi mwezi mukusakasaka amene anene zokukomerani.

Nanga wosankha ndani? Kwathu matenda aakulu amaitanitsa msonkhano. Amalume amabwera, apongozi amabwera, wa ku Johannesburg amalankhula pa WhatsApp, ndipo wodwala ali kuchipinda akumva nkhani yake ikugamulidwa pabalaza. Nthawi zina banja limapangana kuti, "Tisawauze, angafe ndi maganizo." Ana anga, mwambo wothandizana ndi wabwino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma thupi ndi la mwini wake. Iye ndi amene agone pa tebulo la opaleshoni, ndipo iye ndi amene asanze usiku. Munthu wamkulu amene mutu wake ukugwira ntchito ali ndi ufulu wodziwa matenda ake ndi wovomera kapena kukana mankhwala. Odwala ambiri amadziwa kale kuti zinthu sizili bwino, ndipo kubisirana kumangowasiya okha ndi mantha awo. Mufunseni modekha kuti, "Amayi, mukufuna adokotala akuuzeni zonse, kapena auze ine?" Akafuna kudziwa, auzidwe. Mayi asadikire chilolezo cha mwamuna amene akuzengereza pamene chotupa chikukula. Pamsonkhano wa banja, inu amene munamva dokotala ndi makutu anu, tsegulani kope lija muwerenge mwaulemu zimene ananena.

Chenjeraninso ndi amalonda. Mbiri ikangomveka kuti kwa auje kuli khansa, amafika ndi mabotolo, ufa wa masamba, tiyi wochokera kunja, ndi maumboni a pa Facebook. Amanena kuti madokotala akubisa mankhwala enieni. Afunseni kuti mankhwalawo anayesedwa kuti, pa anthu angati, ndipo angati anachira. Wonena kuti botolo limodzi limachiza khansa iliyonse, shuga ndi BP pamodzi, akufuna ndalama zanu za lendi. Kunyengeka kotereku sikuona maphunziro kapena chuma. Steve Jobs, mmodzi wa oyambitsa kampani ya Apple, atapezeka ndi chotupa cha kapamba mu 2003, anakana opaleshoni kwa miyezi pafupifupi 9 akuyesa zakudya zapadera ndi njira zina. Pambuyo pake anavomera opaleshoniyo, ndipo wolemba mbiri ya moyo wake ananena kuti anadandaula chifukwa cha kuchedwako.

Sindikukuletsani kupemphera. Inenso ndimagwada, ndipo ndaona pemphero likulimbitsa odwala amene mphamvu zinali zitawathera. Itanani abusa, azimayi a chigwirizano adzaimbe, wodwala adzozedwe. Koma aliyense wonena kuti tayani mankhwala kuti muonetse chikhulupiriro, kapena wouza munthu wofooka ndi kemo kuti asale kudya, mukanireni pakhomo. Mulungu amene timamupempha machiritso ndi yemweyo anapatsa anthu nzeru zochizira. Ngati wodwala akumwa zitsamba, muuzeni dokotala mosabisa, chifukwa zina zimalimbana ndi kemo ndipo zina zimawononga chiwindi ndi impso.

Pali nthawi imene dokotala amanena kuti khansayi siingachiritsike. Mawu amenewa satanthauza kuti chithandizo chatha. Ululu uli ndi mankhwala, ndipo morphine woperekedwa mwa muyeso wake safupikitsa moyo monga amanenera ena. Amathandiza munthu kugona, kudya ndi kucheza ndi ana ake. Mabala amatsukidwa, fungo limachepetsedwa, ndipo nthawi zina radiotherapy yochepa imaletsa magazi kapena kupweteka kwa mafupa. Wodwala akasankha kuti sakufunanso mankhwala olemetsa, akufuna kukhala kunyumba kapena kubwerera kumudzi, atamva zonse bwinobwino, kumeneko nakonso ndi kusankha kwa munthu wodziwa, ndipo kulemekezedwe. Musagulitse nyumba kuthamangira kunja musanafunse madokotala ngati ulendowo usinthe kanthu. Mupatseni mpata akonze za ana ake ndi katundu wake, akhululukirane ndi abale. Wodwazika nayenso muzimulandira, asagwe ndi kutopa ali yekha.

Koma musachoke pano ndi maganizo akuti khansa ndi imfa basi. Desmond Tutu anapezeka ndi khansa ya prostate mu 1997, analandira chithandizo, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2021. Nelson Mandela analandira radiotherapy mu 2001 pa matenda omwewo, n'kukhala zaka zina 12. M'mayiko olemera, ana oposa 80 pa 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka safika 30. Kusiyanaku kumabwera kwambiri chifukwa cha kufika mochedwa, kusowa kwa mankhwala ndi kusiyira chithandizo panjira. Ziwiri mwa zitatuzi zikhoza kuchepa ngati mabanja atadziwa. Mu Lusaka muno muli amayi amene anachotsedwa bere zaka zapitazo ndipo lero akugulitsa pamsika, akulera adzukulu. Bungwe la Zambian Cancer Society limasonkhanitsa anthu otere, ndipo kucheza ndi amene anadutsamo kumachotsa mantha kuposa mawu a ife ongoonerera.

Choncho ndikupempheni zinthu zoti muchite mwezi uno. Funsani amayi anu, azakhali anu ndi akazi anu kuti anayezetsa liti khomo la chiberekero, ndipo ngati sanayezetse, aperekezeni. Onani ngati ang'ono anu aakazi analandira katemera wa HPV. Atate anu akamadzuka kambirimbiri usiku kukataya madzi, musawaseke, apititseni akawaone. Ndipo tsiku limene dokotala adzatchule khansa m'banja mwanu, musathawe ndiponso musabise. Funsani dzina lake, funsani siteji yake, funsani cholinga cha mankhwala, kenako muimirire pambali pa wodwalayo pamene akusankha. Teroni, ana anga, kuti tisamaike m'manda anthu amene akanachira.